Tsiku Limene Ndinapha Banja Lathu Lonse

M'buku langa la tsiku ndi tsiku, limene ndinkalemba ndili giredi leveni, muli tsamba lina limene ndimafuna kuling'amba koma ndimalisiya kuti lizindiphunzitsa ulemu. Pamwamba pake ndinalemba ndi bolopeni yofiira kuti, "Lero ndamvetsa zonse za mapulogalamu. Chatsala ndi kuthandiza dziko." Pamenepo n'kuti nditaphunzira khodi milungu itatu yokha.

Laputopu imene inandipatsa matamawa inali ya ankhazi, mlongo wawo wa adada, amene ndi nesi ku Chipata. Inali yakale, batani limodzi linachoka kalekale, ndipo batire yake sinkakwanitsa ola lathunthu. Anandibwereka kwa temu imodzi basi. Mu Ogasiti banja lonse linkakumana kumudzi kwathu, cha ku Mwase, kudzavundukula chiliza cha asekuru, atate awo a adada, amene anamwalira chaka chapitacho. Ankhazi anati tsiku limenelo ndidzawaonetse chinthu chaphindu chimene ndapanga. Chikadzawasangalatsa, laputopu idzakhala yanga. Apo ayi, adzabwerera nayo ku Chipata akaigulitse. Popanda iyo ndikanabwerera pamzere wa kusukulu, pamene mwana aliyense ankagwira kompyuta mphindi zochepa pa mlungu. Ndinalonjeza, osafunsidwa n'komwe, kuti ndidzapanga tsamba la pa intaneti loonetsa banja lonse, kuyambira asekuru mpaka khanda lomaliza kubadwa, kuti mikangano ya uyu ndi mwana wa ndani itheretu.

Kusukulu kwathu ku boma makompyuta oyaka anali ochepa, ife tinali ambiri, magetsi nawo ankabwera tsiku limene afuna. Choncho a madamu otiphunzitsa ankatilembetsa khodi ya JavaScript m'makope, iwo n'kumachonga ndi inki yofiira ngati masamu. M'kope ndinali katswiri. Ndinkalemba mizere yowongoka, n'kudula mzere ndi rula pansi pa mutu uliwonse. Khodi ya m'kope siivuta munthu. Imangokhala phee, yokongola, ndipo siikuyankha.

A madamu anatiphunzitsa kuti kilasi ya mu pulogalamu ili ngati chikombole cha njerwa, ndipo obujekiti ndi njerwa yotuluka m'menemo. Chikombole ndi chimodzi, njerwa ndi zambiri, ndipo njerwa iliyonse ili ndi dothi lake. Ndinajambula chikombolecho m'kope mokongola mpaka anachionetsa ku kalasi yonse. Kumva zimene ankanena ndiye ndinasiyira anzanga.

Tsiku loyamba kukopera khodi yanga mu laputopu, tsamba linatuluka loyera mbee. Ndinaitembenuza, ndinaiuzira mpweya m'mabowo ake, ndinaizimitsa n'kuiyatsanso. Nditapita nayo kwa a madamu kukanena kuti yawonongeka, anangodina batani limodzi, m'munsi munatseguka kabokosi kamene kompyuta imalembamo madandaulo ake ndi zilembo zofiira. Inali ikundidandaula kuyambira kale, ine osadziwa kumene imadandaulira. Ndinali nditaika khodi pamwamba penipeni, ndiye inkafunafuna malo olembapo mayina tsambalo lisanamangidwe, ngati mphunzitsi woitana mayina ana asanalowe m'kalasi. Nditaitsitsira pansi, zinayenda.

Mlungu wotsatira ndinapanga chikombole changa choyamba, n'kuchitcha Munthu, ndipo ndinachiphunzitsa kupereka moni. Ndinaitana atsikana onse a m'chipinda chathu chogona kuti adzaone. Nditadina, munthu wanga analemba kuti, "Muli bwanji, dzina langa ndine undefined." Mawu achingereziwo ndi amene kompyuta imalemba ikafunsidwa chinthu chimene sinapatsidwe. Dzina ndinalibweretsa mpaka pakhomo la chikombole koma sindinalisunge m'kati mwa njerwa. Ndinakonza tsiku lomwelo, koma atsikanawo ananditcha dzina limenelo mpaka kutseka sukulu, ngakhale pamzere wa phala.

Mayina a banja adada ananditumizira pamapepala awiri, atawapinda m'thumba la nshawa zokazinga. Anali anthu oposa makumi asanu. Aliyense ankafunika dzina, chaka chobadwa, chiwongo, mudzi ndi mpingo. Nditalemba anthu asanu ndi mmodzi, zala zinayamba kuwawa, makamaka poti pamalo a batani lochoka lija ndinkadina ndi chotokosera m'mano.

Masiku omwewo a madamu anatiphunzitsa chinthu china. Anati obujekiti ingathe kuumbidwa kuchokera ku obujekiti inzake. Ikafunsidwa chinthu chimene ilibe, imakafunsa kwa imene inachokerako, iyonso ikasowa imafunsa pamwamba pake, mpaka chipezeke. Ndinatsala pang'ono kuimirira pampando. Si mmene timakhalira kwathu? Palibe amene amasankha chiwongo. Ukafunsidwa umatchula cha adada ako, iwonso anatenga kwa adada awo. Mudzi chimodzimodzi, mpingo chimodzimodzi. Ndinaona kuti anthu amene anapanga JavaScript ayenera kuti anakhalapo kumudzi.

Ndinafufuta anthu asanu ndi mmodzi aja n'kuyambiranso. Ndinaumba asekuru poyamba, ndi chiwongo chawo, mudzi ndi mpingo. Ana awo ndinawaumba kuchokera kwa iwo, zidzukulu kuchokera kwa anawo, mpaka khanda. Aliyense ndinkangomulembera dzina ndi chaka chobadwa, zotsalazo azikafunsa kwa makolo ake. Akazi okwatiwa m'banja mwathu, monga amama, ndinawaumba paokha, poti iwo ali ndi ziwongo zawo ndi midzi yawo. Ntchito ya mlungu wathunthu ndinaimaliza masana amodzi.

Nditawaonetsa a madamu, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu.

"Pulogalamu ikugwila bwino, koma wamanga molakwika. Chikombole ni chimodzi, Munthu. Aliyense atuluke m'menemo na zinthu zake. Atate ake uwalembe chabe monga chinthu chimodzi cha pa iye. Apa zilizonse zogwela wapamwamba zizagwela onse."

Ndinati ndamva, madamu, zikomo. Madzulo ake ndinalemba m'buku langa kuti a madamu ndi anzeru koma mwina anakulira m'tauni, sadziwa mmene banja lalikulu limayendera.

Chenjezo lina linabwera lokha. Ana a ankhazi anatuluka ndi chiwongo chathu, pamene iwo amatenga cha atate awo. Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kuganiza. Ine ndinangowalembera chiwongo chawo pamwamba, n'kudziyamikira kuti ndine wachangu pokonza zinthu.

Panatsala nkhani ya akufa. Kwathu munthu womwalira satchulidwa dzina lokha, timayamba ndi malemu. Ndinakonza kuti aliyense wolembedwa kuti anamwalira azituluka ndi mawu amenewo ndi kamtanda pambali. Ndinayesa pa adada ang'ono, amene anatisiya asanakwatire, ndipo zinatuluka bwinobwino. Sindinaganize kuti zatuluka bwino chifukwa iwo analibe mwana wowafunsa kanthu. Asekuru ndinawasungira mwambo wapadera. Ndinafuna batani loti ndidzadine pamaso pa anthu onse tikachoka kumanda, kamtanda kadzaoneke pa dzina lawo tsiku lomwelo la chiliza. Ndinkaona kale m'maganizo mwanga ankhazi akupukuta misozi.

Ganizo la batanilo linandibwerera sukulu itatseka kale, ndili kumudzi. Kwathu kulibe magetsi, ndipo moto umene ndinatchaja ku boma unayenera kufika tsiku la mwambo. Choncho ndinachita zimene ndinkadziwa bwino. Ndinalemba mizere itatu m'kope, ndinaiwerenga katatu, ndinadzichonga ndekha ndi bolopeni yofiira. M'mawa wa tsikulo ndinayatsa laputopu, ndinakopera mizereyo mwachangu, n'kutseka osadina batanilo ngakhale kamodzi.

Kumanda zonse zinayenda mwaulemu. Tinaimba, abusa anapemphera, adada akulu, amene ndi mkulu wawo wa adada ndiponso mutu wa banja tsopano, anachotsa nsalu yoyera pamwala. Titabwerera kunyumba ndi kudya, ankhazi analengeza kuti mwana wa sukulu ali ndi choti ationetse. Panja dzuwa linkaphimba galasi la laputopu, ndiye tinalowa m'chigafa chouma cha fodya, mmene munali mthunzi. Amuna anakhala pamabenchi, azimayi pamphasa. Laputopu ndinaiika pampando, ine n'kugwada pambali pake.

Mphindi zoyambirira zinali zokoma kuposa mmene ndinalotera. Aliyense ankafuna kuona dzina lake. Adada akulu anavala magalasi, anatsata mzere wa ana awo ndi chala, n'kunena kuti mwana uyu sanaphonye ngakhale mmodzi. Iwo sayamikira wamba, ndipo chaka chimenecho anali atagonekedwa kuchipatala kawiri chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, moti aliyense ankawalankhula mosamala. Adada ankangoyang'ana pansi akumwetulira. Ndinakhosomola pang'ono n'kunena mawu amene ndinaloweza, akuti tsopano tilemekeze asekuru athu monga tachitira kumanda. Ndinadina batani.

Kamtanda kanaoneka pa asekuru. Kanaonekanso pa adada akulu. Pa adada, pa ankhazi, pa ana awo onse, pa ine, mpaka pa khanda limene linali kuyamwa pamphasa pomwepo. Malemu, malemu, malemu, tsamba lonse. Aliyense anali atakafunsa kwa kholo lake ngati ali moyo, kholo n'kukafunsa pamwamba, ndipo yankho linachokera kwa asekuru. Amene anatsala amoyo anali akazi okwatiwa okha.

Ndinkamva nkhunda zikulira padenga. Woyamba kulankhula anali mkazi wa adada ena, mayi wa ku Kasungu amene amachita malonda a zitenje ndipo pakamwa pake sipachedwa.

"Ndiye minda yonseyi yatsala ndi ife azimayi obwera? Mulamu, inu mutenge dimba, ine nditenga ng'ombe."

Ankauza amama. Azimayi ena anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Amama sanaseke. Ankayang'ana adada akulu, amene anali atavula magalasi n'kuwapinda pang'onopang'ono. Adada akuluwo anafunsa adada, osati ine, ngati kusukulu masiku ano amaphunzitsa kulemba munthu wamoyo m'gulu la akufa, tsiku lomwe wachoka kumanda kwa atate ake. Kenako anadzuka n'kutuluka. Kuseka konse kunathera pomwepo.

Ndinachita chinthu choyamba chimene chinabwera m'mutu. Ndinafufuta mizere itatu ija n'kutsegulanso tsamba. Timitanda tonse tinachoka, kupatula ka adada ang'ono. Ndinapuma, n'kunena mokweza kuti zakonzeka, aliyense ali moyo. Ankhazi anawerama, anayang'ana pamwamba pa tsamba, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndaukitsanso asekuru amene tangowaikira mwala. Ndisanayankhe, galasi linada. Batire inali itatha.

Ankhazi anatseka laputopu okha, anaiika m'chikwama chawo, n'kukoka zipi. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. Tsiku lonselo ndinatsuka mbale za alendo mwakhama loti amama anachita kundilanda chinkhupule. M'buku langa, tsamba la tsiku limenelo lili ndi mzere umodzi wokha wakuti, "A madamu sanakulire m'tauni."

M'mawa mwake anandituma kuperekeza ankhazi ku boma ndi kuwanyamulira thumba la ufa. Panjira sitinakambe za laputopu. Titafika pamalo okwerera, minibasi ya ku Chipata inali ndi anthu atatu okha, ndipo aliyense amadziwa kuti siinyamuka isanadzaze. Ankhazi anaika thumba lawo pampando wa pawindo, anatsika, n'kundifunsa kuti dzulo chinachitika n'chiyani. Anati asamve za satana kapena za batire.

Ndinawafotokozera zonse, za chikombole, za zala zanga zaulesi, za chenjezo la a madamu, ndi za mizere imene ndinaiyesa m'kope mokha. Aka kanali koyamba kufotokoza khodi yanga popanda kudzitama, ndipo ndinadabwa kuti ndinkaimvetsa bwino kuposa kale. Ankhazi anandifunsa ngati ndikudziwa kukonza kwake. Ndinati ndikudziwa, koma ndiyenera kuumbanso munthu aliyense payekha. Anayang'ana minibasi, anayang'ana ine, kenako ananditengera kukashopu kometera tsitsi pafupi pomwepo, n'kupempha mwini wake kuti tilumikize laputopu kumagetsi.

"Uli na nthawi mpaka basi izule na anthu. Ikazula usanasilize, nipita nayo."

Ndinakhala pabenchi la odikira kumeta, laputopu pamiyendo, mapepala a adada pambali, chotokosera m'mano m'dzanja. Ndinabwerera ku chikombole changa choyamba chija, Munthu. Ndinachikonza kuti aliyense wotuluka m'menemo akhale ndi dzina lake, chiwongo chake, mudzi wake, ndiponso yankho lakelake pa funso lakuti ali moyo kapena ayi. Dzina la kholo linangokhala chimodzi mwa zinthu zolembedwa pa iye. Kenako ndinayamba kulemba anthu, mmodzimmodzi, chiwongo chomwechomwecho kambirimbiri, ntchito yomwe ija ndinaithawa.

Sindinapemphererepo minibasi kuti ichedwe ngati tsiku limenelo. Munthu aliyense wodutsa ndi chikwama ndinkamuyang'ana ngati mdani. Kondakitala akakuwa kuti Chipata, ndinkadzutsa mutu kuwerenga malo otsala. Mayi wina anabwera ndi ana atatu ndi nkhuku, ndinatsala pang'ono kulira, koma anakangana ndi kondakitala za malo oika katundu n'kutsikanso, ndipo ndinamudalitsa mumtima. Tsitsi la anthu ometedwa linkagwera pamabatani, ine n'kumangouzira. Nthawi ino ndikalemba anthu asanu ndinkaima, n'kutsegula tsamba, n'kuyang'ana m'kabokosi ka madandaulo. Kawiri ndinapeza zofiira, kawiri ndinakonza pomwepo.

Nditamaliza khanda, m'minibasi munatsala malo awiri. Ndinabwezeretsa mizere itatu ija, n'kudina batani la asekuru. Kamtanda kanaoneka pa iwo, n'kukhala pomwepo. Ndinathamanga kukaitana ankhazi. Anayang'ana tsamba lonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, koma sanakhutire.

"Manje nipheko ine. Nifuna nione ngati ana anga azasala."

Wometa uja anaimitsa makina ake n'kutembenuka. Ndinalemba kuti ankhazi amwalira, n'kutsegulanso tsamba. Anatuluka malemu iwo okha, ana awo atatu ali bwinobwino pansi pawo. Anandiuza kuti ndiwaukitse msanga basi isanawasiye, ndipo ndinawaukitsa. Wometa anafunsa ngati makina amenewa angagwirenso ntchito pa apongozi ake, ankhazi n'kumuuza kuti amete anthu asiye za eni.

Kondakitala anali atayamba kumenya chitseko. Ankhazi anatulutsa chingwe chotchajira m'chikwama n'kundipatsa m'manja. Anati laputopu ndi yanga, koma ndisaitsegulenso pa china chilichonse ndisanakaonetse adada akulu kuti ali moyo. Ndinathokoza kuti yewo, ankhazi, kangapo konse, mpaka minibasi inakhota.

Kupita kwa adada akulu kunandivuta kuposa kulemba anthu makumi asanu. Amama anandipatsa nkhuku yoti ndinyamule, ndipo anandiperekeza mpaka pakhomo. Tinawapeza pakhonde akusoka thumba la chimanga. Ndinagwada, ndinapepesa, n'kufotokoza kuti cholakwa chinali changa, osati cha makina kapena cha munthu wina aliyense wowafunira zoipa. Za chikombole sindinatchule. Anandisiya ndili chogwada kwa kanthawi, kenako anatuma amama kuti akawatengere magalasi m'nyumba.

Anayang'ana dzina la asekuru ndi kamtanda kake. Anayang'ana lawo, lopanda kanthu pambali. Anatsata ana awo ndi chala monga anachitira dzulo lake, mmodzimmodzi, mpaka zidzukulu. Anafunsa ngati batani lija likadalipo, ndipo ndinati ndalichotsa. Anandibwezera laputopu, anatenganso singano yawo, n'kunena osandiyang'ana:

"Tsiku langa likazafika, uzalembe ine nekha. Ana anga uwasiye."

Ndinalonjeza. Nkhuku analandira.

Temu yotsatira ndinawafotokozera a madamu zonse, poganiza kuti andimvera chisoni. Anaseka mpaka anagwira tebulo, kenako anandipempha kuti ndikafotokozere kalasi yonse. Chaka chino aphunzitsanso a giredi leveni atsopano za obujekiti yofunsa kwa kholo lake, ndipo ndamva kuti chitsanzo chawo ndi mtsikana wina amene anapha banja lake lonse ndi mizere itatu. Dzina satchula, koma ana aja akandiona pamzere wa phala amandipatsa njira mwaulemu wokayikitsa.

Khodi ndimalembabe m'kope magetsi akazima. Kudzichonga ndekha ndi bolopeni yofiira ndiye ndinasiya.